Oyamba pa Msewu wa ku Kalomwe

Ambrósio anafika pa mpanda wa asilikali dzuwa litangotuluka, akukankha njinga yomangidwa matumba awiri a kachewere. Anavala malaya ake oyera a ku tchalitchi. Munthu wopita kukagulitsa mbatata ku Kalomwe savala chotero, koma tsikuli linali lake ndipo ankafuna aliyense adziwe.

Anthu anali atadzaza kale, amayi a madengu pamutu ndi abambo a njinga. Basi yokhayo ya m'tauniyo, imene onse ankaitcha machimbombo, inali itaima pambali, injini yozimitsa.

Chifikireni nkhondo m'mapiri a Angónia, msewuwo unagawidwa. Shefi, mkulu wa asilikali woyang'anira msewu, anandanditsa miyala yopaka njereza. Pakati ponse anapapereka kwa basi ndi malole a asilikali. Oyenda pansi ndi a njinga anawasiyira kanjira ka m'mphepete mwa ngalande, kopapatiza moti anthu awiri sakanapambana. Kupitirira mlatho, kanjirako kankasiya msewu n'kukwera phiri, ndipo ulendo wa maola awiri unkadya tsiku lonse. Basi inkanyamula akuluakulu a mapepala a chilolezo ndi mabanja awo okha.

M'ngalande imeneyo ndi mmene munagwera Rosália, mkazi wa Ambrósio, pothawa basi nthawi ya mvula. Mkono wake wamanja unathyoka, n'kupola mokhota. Ambrósio analumbira kuti mkazi wake sadzayendanso m'mbali ngati nkhuku.

Koma chomwe chinkamuwawa koposa chinali ng'ombe. M'mawa uliwonse asilikali ankatsegula mpanda n'kupirikitsira ng'ombe zawo pakati penipeni pa msewu, basi n'kutsatira patapita ola. Anthu ankati zikupita kubusa. Zinali makumi awiri poyamba, koma zinkacheperachepera, ndipo anthu ankanong'onezana kuti asilikali ndi ankhuli. Za kugunda kwa kutali palibe ankafunsa, pakuti zaka zimenezo kunkagunda tsiku lililonse.

Tsono Ambrósio sanali munthu wamba. Anaphunzira ku mishoni ku Lifidzi, ndipo Chipwitikizi ankachilemba mopinda zilembo ngati wansembe. Sankalola kuti munthu aiwale zimenezi. Analembera shefi kalata, kufunsa ngati anthu obatizidwa ali otsika kuposa ng'ombe. Yankho silinabwere. Analemba yachiwiri, kunali zii. Yachitatu anaipereka Lachiwiri m'mawa, ndipo yankho linafika masana omwewo, la chidindo, kumuitana iye ndi anzake onse oyenda m'mbali ku mpanda mawa lake.

Shefi anatuluka m'kanyumba kake ndi pepala. Anali munthu wa nkhope yotopa, wolankhula osayang'ana anthu. Anawerenga m'Chipwitikizi, ndipo liwu limodzi analibwereza kawiri: priyoridadi. Anthu onse anatembenukira kwa Ambrósio.

"Akuti kuyambira lero ife ndife oyamba," anatero Ambrósio mwachimwemwe. "Pakati pa msewu m'pathu. Basi izidikira ife."

Amayi ena anaomba m'manja. Mkulu wina anavula chipewa n'kumugwira Ambrósio dzanja ndi manja awiri. Rosália yekha anangoima, dengu la nyemba lili pamutu, akuyang'ana khola la asilikali lomwe linali lotsegula ndi lopanda kanthu.

"Bambo, makalata awiri sanayankhe," anatero motsitsa mawu. "Lero chawasintha mtima n'chiyani?"

Ambrósio anaseka. Anamuuza kuti boma ndi khutu lalikulu, limamva mochedwa, ndipo kalata yolembedwa bwino imatsegula khomo lililonse. Rosália anakonza dengu lake pamutu. Anali asanaone mwamuna wake akusangalala chotero chiyambire nkhondo, ndipo sanafune kumusokoneza.

Msilikali wina anayamba kundandika anthuwo, mwaulemu umene iwo anali asanauonepo. Ankayenda njinga ndi njinga, akusinika katundu ndi chikhatho. Zolemera kwambiri anaziika kutsogolo, zopepuka pambuyo, oyenda pansi kumapeto. Atafika pa matumba a Ambrósio anagwedeza mutu mokhutira, n'kumulozera malo oyamba. Anawalangiza kuti ayende m'mizere iwiri, momwe mumaponda matayala a basi, osapatuka, komanso atalikirane pang'ono.

Ambrósio anapempha kuti mkazi wake ayende pambuyo pake penipeni, popeza zonsezi anazichitira iye. Msilikaliyo anazengereza, kenako analola.

Mpanda unakwezedwa. Ambrósio analiza belu la njinga kawiri, n'kulowa pakati pa miyala yoyera ija, msana utawongoka. Msewu unali waukulu, wosalala, wopanda basi yomuthira fumbi. Anacheuka n'kumwetulira Rosália, ndipo gulu lonse linawatsatira kutsikira ku mlatho.

Dalaivala wa basi, Venâncio, anali wachilendo, wongofika kumene kuchokera ku Tete. Anatopa ndi kukhala, natsika kupita kwa shefi.

"Shefi, tikudikira chiyani? Anthu aja ndikhoza kuwapitirira."

Shefi anayang'ana wotchi yake, kenako anayang'ana malaya oyera aja akuchepera kutali.

"Tidikira ola, monga mwa masiku onse. Tikapanda kumva kugunda, unyamuke," anatero, akupinda pepala lija. "Ng'ombe zotiponderatu mabomba okwirira zinatha. Yomaliza inaphulika Lolemba."