Mpando Wobwereka Unazimitsa Chipatala

Panali munthu wina, katswiri wa makompyuta, amene ankagwira ntchito pakampani yoyang'anira netiweki za masukulu, masitolo ndi chipatala china. Ntchitoyo anamupezera ndi alamu ake, akulu ake a mkazi wake, omwenso anali bwana pamalopo.

Pakampanipo, lamulo lililonse lopita ku makina akutali linkanyamula chizindikiro cha kasitomala. Pulogalamu inkangowerenga chizindikirocho n'kupititsa lamulo kumeneko, osafunsa kawiri. Alamu ankamuuza kuti asanadine batani aziona kaye chizindikiro, ndipo mpando wa pakompyuta yake asamabwereketse munthu.

Koma katswiriyu, ine ndikuuzeni, ankakayikira munthu wolakwika. Alamu akangodutsa kumbuyo kwake, mumtima ankati basi, ayamba kundisuzumira, akufuna pondipezera chifukwa. Malangizo awo ankangowaponya kunkhongo.

Tsiku lina kunabwera mlendo wapakamwa potsekemera, akuti watumidwa kudzaika makina atsopano pasukulu ina.

"Achimwene, kompyuta yangayi ikukana," anatero mlendoyo. "Tandibwerekani mpando. Kalamulo kamodzi kokha, kozimitsa makina akale a kusukulu."

Katswiri uja anayamba kukayika. Bwanji munthuyu alibe chitupa pachifuwa? Nanga maso akungothamangira kukhomo chifukwa chiyani? Anatsala pang'ono kukana. Koma atatembenuka anaona alamu akuyang'ana kudzera pagalasi la ofesi yawo, ndiye mkwiyo unamukwera. Anati aone kuti inenso ndine munthu wamkulu. Anadzuka pampando.

Anaiwala kuti m'mawawo ankakonza za kuchipatala, ndipo chizindikiro cha chipatalacho chinali chikadali pomwepo. Mlendo anadina. Lamulo linapita kumene chizindikiro chinaloza, netiweki ya chipatala n'kuzima yonse. Mafoni anayamba kulira, anamwino akudandaula kuti zotsatira za magazi sizikuoneka ndipo odwala angokhala pamabenchi.

Mlendo anati akupita kukatenga chingwe m'galimoto. Mpaka lero.

Alamu atabwezeretsa netiweki, sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu pamaso pa eni kampani.

"Alamu, amene munamupatsa mpando uja dzina lake ndani?"

Katswiri uja sanamufunse n'komwe mlendoyo dzina. Alamu anatambasula dzanja, misozi ili m'maso, katswiriyo n'kuikamo makiyi a ofesi. Ntchito inathera pomwepo.

Phunziro: Makina samva zimene umafuna kuchita, amatsata chizindikiro chimene wasiya. Usakayikire wokuchenjeza n'kukhulupirira wokusekerera. Atumizireni nkhaniyi anzanu onse amene amangodzuka pampando munthu akawatchula achimwene.