Mthunzi wa Duku

"Atsopano khalani kumbuyo, muyambe mwaonera anzanu," anatero wapampando.

Zione anakakhala pa benchi lomaliza. Anali atalawirira kuchoka ku Mlangeni kudzalowa gulu la aphunzitsi a Sosho ophunzitsa ndi zipangizo zamakono. Lamulo linali lakuti wolowa aonetse phunziro lakelake. Iye kanema wa phunziro lake anali atamupereka kale kwa a Goliati, mphunzitsi mnzake amene anamukopera m'gululi, ati akamukonzere bwino pa kompyuta ku Boma.

Pulojekita itayaka, pakhoma panaoneka chigwembe chimene chinadya munda wa mbatatesi kuseri kwa sukulu yawo. Ophunzira a Zione a Sitandade 7 ankachiyeza ndi chingwe, uku akufunsa mwini munda kuti mitengo inapita kuti. Koma pansi pa kanemayo panalembedwa dzina la a Goliati, ndipo pomwe pankamveka mawu a Zione tsopano pankalankhula bambowo. Cha Zione chimene chinatsalamo ndi mthunzi wokha wa wojambulayo, duku lili kumutu, utagwera m'chigwembemo.

Anthu anaomba m'manja mpaka ena kuimirira.

"Zimene timafuna ndi zimenezi," anatero wapampando, kenako anatembenukira kumbuyo. "Nanga inu Madamu, mwatitengera chiyani?"

Zione anayang'ana a Goliati. Iwo anadzuka akumwetulira, nakonza tayi.

"Apampando, awa ndabwera nawo ndine. Foni sanaizolowere kwenikweni, koma musadandaule, kujambula ndiwaphunzitsa."