Sellina Anataya Mapiritsi M'chimbudzi

Panali munthu wina, mayi wa kufupi ndi Champiti m'boma la Ntcheu, dzina lake Sellina. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera naye mpingo umodzi, ndiye musaiyese nthano.

Sellina anayamba kudwala khunyu atangobereka mwana wake woyamba. Mwamuna wake anati akukafuna ganyu ku Balaka, mpaka lero sanabwerere. Mwanayo anakamusiya kwa achemwali ake ku Kandeu, poopa kuti tsiku lina adzagwa naye ali kumsana.

Lamulungu lina anagwa m'tchalitchi, kwaya ili pakati pa nyimbo. Kuyambira pamenepo palibe ankafuna kukhala naye benchi imodzi. Kumaliro ankamupatsa mbale yakeyake. Anthu ankati khunyu amapatsirana, chonsecho ndi bodza.

Amene sanamutaye anali mlamu wake Rute, mkazi wa mchimwene wake Dyton. Ndiye ankamuperekeza kuchipatala kukatenga mapiritsi. Adokotala anamuuza kuti asamadumphitse kumwa, ndipo kugwa kuja kunachepadi, koma osatheratu.

Mtima wa Sellina sunkakhala m'malo. Atsegula Baibulo, atseka. Atuluka panja, alowanso. Kupemphera ankapemphera, koma ankaona ngati mawu ake akungothera kudenga.

"Alamu, ine ndinamulakwira chiyani Mulungu? Zaka zonsezi sakundimva?"

"Akukumvani," anatero Rute. "Si apa mukumatha miyezi osagwa? Imwani mankhwala, tizipemphera."

"Ine sindikufuna kuti zichepe. Ndikufuna kuchira!"

Popeza kumudzi anthu ankaopa kumugula zinthu, Sellina ankakagulitsa mbatata yake ya kachewere pamsika wa Nsipe. Tsiku lina panafika bambo wina wovala jekete yoyera, Baibulo lalikulu kukhwapa. Anaima patsogolo pake n'kumuyang'anitsitsa.

"Mayi, inu mumagwa."

Sellina anamufunsa modabwa. "Mwadziwa bwanji, bambo?"

"Ndine mneneri, Mzimu wandionetsa. Matenda anuwa si a kuchipatala, munachita kumangidwa. Anakumangani ndi mzimayi amene amakuyandikirani kwambiri, yemwe amakukakamizani kumwa mapiritsi. Piritsi lililonse limene mukumeza, mukumuuza Mulungu kuti simumukhulupirira. Katayeni lero lomwe."

Anamugwira pamutu pomwepo, anthu akuonerera, n'kukuwa kuti, "Mwamasulidwa! Mudzabwere kumsonkhano wanga mudzachitire umboni."

Sellina sanadikire kuti kachewere athe. Anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kukhuthulira mapiritsi onse m'chimbudzi. Posakhalitsa Rute anatulukira atanyamula mtolo wa nkhuni.

"Ikani pansi nkhunizo, mubwerere komwe mwachokera," anatero Sellina. "Ndakudziwani tsopano. Mfiti inu!"

"Alamu, mwati chiyani?"

"Munthu wa Mulungu wakuululani. Musadzapondenso pakhomo panga pano."

Rute analira. "Nditukwaneni mmene mungathere, koma mankhwala okhawo imwani. Ndakupemphani."

Sellina anamutsekera chitseko.

Masiku oyamba ankadzimva wopepuka. Aliyense wokumana naye panjira ankamuuza kuti wachira. Koma m'mawa wina ali yekha m'khitchini, atakhoma chitseko chifukwa cha mphepo, akutakasa phala la thobwa, khunyu lija linamugwira mwamphamvu kuposa kale. Anagwa, dzanja lamanja n'kulowa pamoto.

Rute, ngakhale anathamangitsidwa, sanaleke kudutsira kuseri kwa nyumbayo popita kudimba, kuti angomva ngati mlamu wake wadzuka bwino. M'mawa umenewo anamva mphika ukugubuduka. Anaitana, zii. Anaitananso, zii. Anaswa chitseko ndi khasu, n'kumukoka pamoto paja uku akukuwa.

Anamukweza njinga yamoto ya kabaza mpaka kuchipatala chaching'ono cha ku Champiti, komweko anawatumiza kuchipatala chachikulu. Moyo unapulumuka, koma zala zina anachita kudula.

Dyton anapita ku Nsipe kukasaka mneneri uja. Amayi ogulitsa tomato anamuuza kuti, "Ameneyo anachoka kalekale, ali kumisika ina. Za Mzimu zija n'zabodza, bambo. Anayamba watifunsa ife kuti pamsika pano wodwala ndani, ife n'kumulozera achemwali anuwo."

Kuchipatala, womudikirira Sellina anali Rute yemweyo. Ankamusambitsa, kumuchapira, kumudyetsa. Sellina ankalephera kumuyang'ana kumaso. Tsiku lina anadzilimbitsa mtima.

"Alamu, ndinakutchulani mfiti. Mukundisamaliranji?"

"Yasamani," anatero Rute. "Phala likuzizira."

Sellina analira mpaka odwala anzake anadzuka pamabedi.

Lero Sellina ali kwawo. Khunyu likadalipo, dzanja lija silithanso kugwira khasu. Tsiku lililonse amapemphera kaye, kenako n'kumwa piritsi lake ndi dzanja lamanzere. Munthu wina anamufunsa ngati sanakhumudwe ndi Mulungu. Iye anayankha kuti, "Kundichiritsa sanandichiritse. Koma pamoto paja sanandisiyepo."

Phunziro: Abale, kudwala nthawi yaitali kumatopetsa, ndipo munthu wotopa amakhulupirira aliyense womulonjeza zachangu. Kumwa mankhwala si kusowa chikhulupiriro, Mulungu yemweyo ndiye anawapatsa nzeru madokotala. Munthu wachilendo akakuuzani kuti mutaye mankhwala kapena mudane ndi amene amakusamalani, thawani, ngakhale atanyamula Baibulo. Nafenso tisamasale odwala, chifukwa tikawasiya okha amawatola ndi achinyengo. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu mokha. Itumizeni kwa abale ndi kumagulupu a kumpingo, mwina pali wina amene akuganiza zotaya mapiritsi ake lero.