Galu wa Lachinayi

Lubben ndiye anayamba kulowa, Ylva n'kutsatira pambuyo ngati womangidwa chingwe anali iyeyo. Belu la pachitseko linalira. Amayi atatu a patebulo lolukirapo anadzutsa mitu, ndipo monga mwa Lachinayi lililonse, moni anapita kwa galu.

"Wafika mkulu wachimimba," anatero a Torunn. "Ndipo wabwera ndi munthu wake."

Kwathu kuno sulankhula ndi munthu amene sukumudziwa. Mutha kudikira basi limodzi zaka zisanu osanenana kanthu. Koma ukhale ndi galu. Amufunsa zaka zake, amufunsa chimene wadya, ndipo poti galu sayankha, woyankha umakhala iweyo. Umu ndi mmene Ylva, mtsikana amene anamaliza sukulu aphunzitsi ena asanamvepo mawu ake, anapezera mpando m'sitolo ya ulusi ya a Gunnvor.

Patebulopo aliyense anali ndi chiweto chake. A Torunn anali ndi kagalu konjenjemera, a Eldrid kagalu kodya mabatani, a Målfrid mphaka wa m'dengu wodana ndi dziko lonse. Zonsezo zinali zazing'ono. Wamkulu anali Lubben, wa imvi kukamwa. Akalowa sankapatsa moni aliyense. Ankapita kuseri kwa kauntala, kutsegula kabati ya mabisiketi ndi mphuno, n'kudzigwetsa pa bulangete lakale lomwe linali pamenepo.

"Galu wakoyu mwambo alibe, mwanawe," ankatero a Gunnvor. Amayi aja ankaseka kupitirira muyezo wa nthabwalayo.

Vuto linali limodzi. Lubben sanali wa Ylva.

Miyezi itatu m'mbuyomo, Ylva ankangodutsa pawindo la sitoloyo. Kupita, kubwerera, kupitanso, maso pa ulusi, dzanja osafika pachitseko. Tsiku lina a Oddvar, bambo a nyumba yoyandikana ndi yawo, anagogoda kwawo, chingwe kumanja, akuyetsemula. Anati bondo lawavuta, mwina mtsikanayu angawayendetsereko galu Lachinayi lililonse. Galuyo sanafunse njira. Anamukoka mpaka m'sitolomo, ndipo a Gunnvor atafunsa ngati anali wake, Ylva anagwedeza mutu movomera. Sananene bodza ndi pakamwa, koma bodza la mutu nalo limakula. Pofika mwezi wachiwiri anali atapeka tsiku lobadwa la Lubben ndi matenda a khutu amene galuyo sanadwalepo.

Lero linali Lachinayi loyamba la Disembala, tsiku la zithunzi. Chaka chilichonse a Gunnvor amalukira chiweto cha aliyense wa patebulo lija juzi, kuchijambula, n'kupachika chithunzi pakhoma. Pansi pake mwini chiwetocho amalemba yekha dzina lake, ndipo tauni yonse yobwera kudzagula ulusi wa Khirisimasi imawerenga. A Oddvar nawo amadziwa kuwerenga.

Juzi ya Lubben inali yofiira. Inamukwana pakhosi, pamimba, paliponse, chonsecho Ylva sanaonepo a Gunnvor akumuyeza. Anaganiza kuti ndilo diso la katswiri limenelo.

Kenako kakhadi ndi cholembera zinafika patsogolo pake.

Ylva anayang'ana golovesi yomwe ankaluka. Inali itafika pa chala chachikulu, pomwe a Eldrid analonjeza kumuonetsa lero. Anayang'ana kapu yake ya khofi, ya chogwirira chomatidwa, imene aliyense ankadziwa tsopano kuti ndi ya Ylva. Akalemba dzina lake, bodza likhala pakhoma chaka chathunthu. Akanena zoona, alowanso ndi nkhope yanji? Mawa lake abwerera kuwindo kuja, kunja kozizira, kumaonera anzake akuluka. Makutu ake anatentha mpaka anaopa kuti akufanana ndi juzi ija.

Kuyang'ana amayiwo kunamukanika. Choncho anachita mwa kwathu: anagwada n'kulankhula ndi galu.

"Lubben, auze ndiwe. Auze kuti sindiwe wanga. Ndiwe wa a Oddvar, ine ndimangokubwereka."

Lubben anamunyambita chibwano n'kuyasamula.

A Torunn anaweramira kwambiri pa zoluka zawo, mapewa akugwedezeka. A Målfrid anatsegula dengu kuti aone mphaka amene sanasowe kanthu. Ylva anadziwa kuti zatha. Anapinda golovesi yake, anabaya singano m'mpira wa ulusi, n'kuyamba kufunafuna chipewa. Anapepesa motsitsa mawu ngati kale kusukulu, ndipo anati galuyo amubweza pompano ndipo sadzawavutitsanso.

"Umubweza kuti?" anafunsa a Gunnvor. Anatenga kakhadi kaja, n'kulembapo okha, n'kukatembenuza kuti Ylva awerenge. Panali dzina la a Gunnvor.

"Galuyu wagona kuseri kwa kauntalayi kuyambira ali kamwana, mwanawe. Oddvar ndi mlongo wanga, ndipo bondo lake limapweteka ndikangoona munthu wadutsa pawindo kanayi osalowa."

A Torunn anakoka mpando wa Ylva ndi phazi, maso ali pa singano. "Khala pansi umalize chalacho. Tonsefe anatibweretsa ndi yemweyu."