Matewera pa waya wa a Policarpo

"Mwapachika chiyani pa waya wanga?" anakuwa a Policarpo, atagwira mphuno.

"Matewera, bambo a Rafael. Mwana watsegula m'mimba, sopo kulibe," anayankha akazi awo, a Teodora.

A Policarpo analavula. Wayayo ndiye ankakokera radiyo yawo mawu a ku Japani, iwo n'kumalembera eniake a wayilesi ya kumeneko mmene akumvekera ku Lifidzi. Lero radiyoyo inkangosokosera ngati mvula pamalata.

Asanathothole thewera ndi limodzi lomwe, anatulukira asipayo awiri, apolisi a boma la Apwitikizi, akusaka mawaya omverera nkhani zakunja. Wopezeka nawo ankapita osabwerako. Asipayowo anayang'ana m'mwamba, naona ntchentche zitaunjirira, n'kutembenuka akutukwana.

"Ndianule, bambo a Rafael?"

A Policarpo anayang'ana matewerawo. "Asiyeni. Sanaume."