Wakuba wa M'sewero la a Morton

"Imani!" anakalipa a Morton, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene analemba sewerolo. "Mkazi akapeza wakuba m'nkhokwe amathawa? Mugwireni pakhosi."

Dora, amene ankasewera ngati mkaziyo, anali atafunda chitenje kumutu, atayang'ana kukhoma. Wosewera ngati wakuba anadwala, ndiye a Morton anaika a Zebedee m'malo mwake.

"Awo ndi apongozi anga, aphunzitsi. Kuno ku Lupembe mkazi sayang'anana ndi bambo a mwamuna wake."

"M'sewero mulibe apongozi. Mawa kubwera a tcheyamani a Chipani. Mukandichititsa manyazi, ndikanena kuti mukunyoza Chipani."

"Kaneneni," anayankha Dora. "Inu mudzasamuka, ine ndidzakalambira pakhomo pawo."

Mawa lake, a Zebedee atangolowa m'bwalo ndi thumba la mpunga, Dora anafunda chitenje n'kuthawira uku. Wakubayo anaponya thumba n'kuthawira uko. Anthu anaseka mpaka misozi.

A Morton akali kukukuta mano, a tcheyamani anawagwira chanza.

"Alendo ambiri amanyoza mwambo wathu, koma inu mwaumvetsa. Munaganiza nokha zimenezi?"

"Ndekha, bwana," anatero a Morton, Dora akuwayang'anitsitsa.