Jekete ya Tsiku Loyezetsa Magazi

Chikhazikitsireni lamulo loti magazi aziyezedwa pakhomo, a Kachingwe amavalira jekete kabokosi kopachikidwa pakhoma. Kabokosiko kamabaya chala n'kuwerenga tizilombo ta matenda a chiwindi a hepataitisi C totsala m'magazi. Kalibe maso, koma iwo amapesabe tsitsi.

Tsiku limeneli linali lalikulu, chifukwa panali patatha masabata khumi ndi awiri chimalizireni mankhwala. Tizilombo tikapezeka, ndiye kuti chiwindi chidakali pangozi ndipo ayambiranso kumwa mankhwala.

"Kale kuyezetsa kunali ndi ulemu wake," anatero a Kachingwe akupukuta chala. "Munkandikweza panjinga mpaka kuchipatala. Pamzere anthu ankandipatsa malo pabenchi."

"Ankakupatsani chifukwa munkakomoka mukaona jakisoni," anayankha akazi awo, a Nangondo.

"Nanga mandasi a pageti aja? Tinkagawana bwinobwino."

"Inu awiri, ine limodzi. Wopalasa n'kukhala ine."

Kabokosi kanalira. "Tizilombo sitikupezeka. Mwachira."

A Kachingwe anadikira kuti mwina kawonjezera mawu owayamikira, koma kanangozima. Anakhala pampando chala chili m'mwamba, jekete ili yomanga mabatani onse, popanda ngakhale namwino woti awagwire chanza.

A Nangondo anatuluka m'nyumba. Posakhalitsa kunja kunamveka kupopa matayala a njinga yakale ija.

"Tikupita kuti? Kuchipatala salandiranso oyezetsa."

"Wa mandasi uja lamulolo silimukhudza. Tiyeni, bambo. Koma poti mwachira, lero mupalasa ndinu."